Magazini ya nkhani zoopsa kuno ku Kasungu: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni kutulutsa kamagazini kathu ka nkhani zoopsa, mafunso saleka kubwera. Ena ndi a achinyamata amene akufuna kuyamba kawo ku Mchinji, ku Nkhamenya kapena ku Santhe, ena ndi a aphunzitsi, ndipo ena ndi a makolo amene apeza kope m'chikwama cha mwana. Tawaika pamodzi pano. Pena tayankha mwachidule, pena tachedwapo dala.

Nkhani zoopsa zake ziti? Si nthano za agogo zomwe zija?

Ubale ulipo, koma si chinthu chimodzi. Nthano imayamba ndi "padangotero", omvera n'kuvomera kuti "tili tonse", ndipo aliyense amakhala akudziwa kale kuti kalulu apulumuka, fisi apusitsidwa, kumapeto kuli phunziro. Nkhani yoopsa silonjeza zimenezo. Imachitika lero, kwa munthu wa foni m'thumba, ndipo ntchito yake n'njoti wowerenga achite tsemwe, adzuke akaonenso ngati chitseko watsekadi.

Taganizani za mlonda wa pa esiteti amene usiku uliwonse akawerenga mabelo a fodya amapeza kuti lawonjezekera limodzi, ndipo belo latsopanolo ndi lofunda. Kapena mayi amene mwana wake wabwera kuchokera ku Joni, nkhope yomwe ija, mawu omwe aja, koma galu wa pakhomo amene anamlera yekha wakana kulowa m'nyumba. Zoterezo ndiye timafuna.

Alipo angagule zimenezi? Amalawi paja sawerenga.

Mawu akuti Amalawi sawerenga tinatopa nawo. Kwerani minibasi pa depoti ya Kasungu muone anthu atawerama pa foni mpaka kukafika ku Mponela. Anthu amawerenga, koma chimene chawakoka. Ndipo nkhani zodabwitsa zinawakoka kalekale: amene anakula akumvera Nkhani za m'Maboma pa wayilesi ya MBC akudziwa mmene m'nyumba munkakhalira zii zikayamba za ndege za ufiti. Mu 2003 chilombo china chitavuta ku Dowa, anthu n'kuthawa m'midzi yawo, dziko lonse linkakamba za chomwecho, ena akuti ndi fisi wachiwewe, ena akuti fisi wotani wotero.

Chimene chikusowa ndi nkhani zotere zolembedwa bwino m'Chichewa, pa mtengo umene munthu sadandaula. Amene amagula kwambiri ndi ana asukulu a sekondale, ophunzira zauphunzitsi, alonda, anamwino ogwira usiku, atsikana a m'masaluni. Koma musadzinamize: kope limodzi limawerengedwa ndi anthu ambiri, wogula ndi mmodzi. Owerenga mudzakhala nawo ochuluka kuposa ndalama.

Ndiyambe ndi chiyani, kufuna ndalama kapena kufuna nkhani?

Nkhani. Musasindikize nambala yoyamba musanakhale ndi nkhani zokwanira nambala ziwiri. Timagazini tambiri timafera pa nambala yachiwiri, chifukwa yoyamba inamwa nkhani zonse zabwino zimene mwini wake ndi anzake anali nazo m'makope awo kuyambira ali kusukulu. Ikatuluka, anthu akuyamika, wina akufunsa kuti ina ituluka liti, m'manja mulibe kanthu.

Ndipo musakhale nokha. Anthu atatu akwana: wosankha ndi kukonza nkhani, woyala masamba pa kompyuta, ndi wosunga ndalama. Wosunga ndalamayo ndi bwino asakhale mlembi.

Ikhale ya masamba angati, ndipo tisindikize bwanji?

Njira yotsika mtengo ndiyo kupinda pepala la A4 pakati kuti likhale A5. Pepala limodzi lotere, losindikizidwa mbali zonse, limapereka masamba 4. N'chifukwa chake masamba a magazini yanu ayenera kukhala nambala yogawika ndi 4: kaya 24, 28 kapena 32. Ife timakonda 32, omwe ndi mapepala 8, n'kuwonjezerapo chikuto chapadera cha pepala lokhuthala. Kupyola pamenepo magazini siipindika bwino, imangoyasama, ndipo masamba am'kati amatulukira kunja.

Rimu imodzi ya mapepala imakhala ndi mapepala 500. Makope 50 a masamba 32 adya mapepala 400, ndipo 100 otsalawo musawaone ngati otsala, makina a fotokope amatafuna mapepala makamaka akamasindikiza mbali yachiwiri. Choncho nambala yoyamba yambani ndi makope 50, rimu imodzi. Akatha, mukasindikizanso. Kukhala ndi makope 300 pansi pa bedi akudyedwa ndi chiswe si kutchuka.

Chimene chimasokoneza oyamba kumene ndi kayalidwe ka masamba. Pa pepala lakunja, tsamba 32 limakhala kumanzere, tsamba 1 kumanja. Kuseri kwake kuli 2 ndi 31. Masamba awiri aliwonse ogundizana mukawaphatikiza ayenera kukwana 33. Mapulogalamu ambiri a kompyuta amachita zimenezi okha mukasankha kusindikiza ngati kabuku, komabe musanapite ku makina tengani mapepala 8 akutha ntchito, muwapinde, mulembe manambala ndi bolopeni, kenako muwamasule muone. Ndiye musindikize kope limodzi lokha, muliwerenge lonse muli pomwepo, musanauze mwini shopu kuti apitirize.

Pomanga pamafunika sitepula ya mkono wautali yofika pamsana pa magazini. Ya wamba sifika. Ngati simunaipeze, tsegulani sitepula wamba, muike magazini chafufumimba pa katoni, mukhome, kenako mupinde mano a waya ndi chipande cha supuni. Zimatenga madzulo athunthu koma zimagwira.

Mukadzafika pa makope mazana angapo, fotokope imayamba kudula kuposa makina akuluakulu osindikizira. Apo ndiye muyambe kufunsa mitengo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1 kuchokera kuno, ndipo muwerengeremo thiransipoti ya ulendo wokasiya ndi wokatenga. A ku Mchinji ali pafupiko pang'ono.

M'masamba 32 mungalowe nkhani zingati?

Chotsanipo masamba a zam'katimu, mawu a mkonzi, zithunzi ndi malonda, mutsala ndi 25 kapena 26. Tsamba la A5 la zilembo zowerengeka bwino limanyamula mawu pafupifupi 300. Ndiye kuti nkhani zinayi kapena zisanu za mawu 1,500 iliyonse. Musachepetse zilembo kuti mukwanitse nkhani yachisanu ndi chimodzi. Owerenga anu ambiri adzawerengera tochi ya foni magetsi atazima.

Mtengo wa kope tiupeze bwanji?

Phatikizani zonse: mapepala, kusindikiza, chikuto, mawaya, thiransipoti, mayunitsi, kangachepe ka olemba ndi wojambula. Ndiye mugawe ndi makope amene mudzagulitsedi, osati amene mwasindikiza. Pa makope 50, la mlembi aliyense lichoka, la wojambula lichoka, lopita ku boma lichoka, losunga inu lichoka, ndipo limodzi kapena awiri adzanyowa kapena kusowa. Otsala ndi pafupifupi 40. Wokugulitsirani nayenso afuna yake pa kope lililonse.

Chachiwiri n'chimene ambiri amaphonya. Mtengo wa kope uchokere pa ndalama zimene mudzafunike posindikiza nambala yotsatira, osati zimene munawononga pa iyi. Mapepala ndi inki ya makina zimachokera kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene ankagula rimu nthawi imeneyo akukumbukira mmene mtengo unkasinthira pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Pa chifukwa chomwechi sitilandira ndalama za chaka chonse kwa owerenga. Tikapeza kaphindu, timagula mapepala a nambala yotsatira tsiku lomwelo, n'kuwasunga pamwamba pouma.

Ituluke kangati pa chaka?

Katatu kapena kanayi. Mwezi ndi mwezi simungakwanitse, ndipo kunonso ndalama zili ndi nyengo yake. January ndi February anthu akusaka ya chimanga, ya fizi ndi ya feteleza wobereketsa; munthu sagula nkhani ya mzukwa m'nyumba mulibe ufa. Kuyambira April, msika wa fodya ukatsegulidwa, soya ndi mtedza zikayamba kutuluka, ndalama zimayenda pa Chinkhoma, pa Chatoloma, pa Mtunthama. Nambala yanu yaikulu igwe nthawi imeneyo. Ina ituluke sukulu zikangotsegulira, ina chakumapeto kwa chaka anthu a m'tauni akamabwera kumudzi.

Chofunika n'choti mwezi umene mwalonjeza muusunge. Magazini ili ngati nazale ya fodya: madzi ochepa a tsiku ndi tsiku ndiwo amakuza mbande, osati migolo khumi ya tsiku limodzi.

Kodi mumalandira nkhani za anamapopa, za afiti ndi za anthu achialubino?

Ili ndilo funso lalikulu pa onse, ndipo amene akufuna kuyamba magazini yotere asalidumphe.

Kuno kwathu nkhani yoopsa imagwera pakati pa anthu amene ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti zinthuzi zimachitikadi, ndipo mantha awo akafika pamutu amatola miyala. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu, ena chifukwa chongokhala alendo pamalopo, ndipo bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'maboma ena. Mu 2020 mphekesera yomweyo inabukanso, ulendo uno kufika kuno kuchigawo chapakati. Mu January 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Za abale athu achialubino, amene akhala akubedwa ndi kuphedwa, manda awo n'kufukulidwa, aliyense akuzidziwa. Palibe mzukwa umene unachita zimenezi. Anachita ndi anthu amene anamva nkhani n'kuikhulupirira.

Ndiye mkonzi wa magazini ya nkhani zoopsa ali ndi ntchito imene mkonzi wa ndakatulo zachikondi alibe. Ayenera kuopseza wowerenga popanda kumlozera munthu woti akamgende. Ife tinagwirizana zingapo ndipo sitizisintha ngakhale nkhani itakoma chotani.

Nkhani imene pamapeto pake mfiti imapezeka kuti ndi agogo a kuseri kwa nyumba, amaso ofiira, okhala okha, timaibweza. Choyamba n'njotopetsa, wowerenga aliyense amaidziwa kuyambira tsamba loyamba. Chachiwiri, agogo oterowo alipo m'mudzi uliwonse, maso awo anafiira ndi utsi wa nkhuni, ndipo mwana amene wawerenga nkhaniyo mawa adutsa pakhomo pawo. Nkhani imene ziwalo za munthu wachialubino zimalemeretsadi munthu sitiiwerenga n'komwe mpaka kumapeto. Nkhani imene wopopa magazi ndi wazaumoyo, woyeza malo kapena mlendo wa galimoto yoyera, ayi. Anthu amenewo ndi omwe amagendedwa.

Izi sizikutanthauza kuti mitu imeneyi n'njoletsedwa. Tembenuzani nkhaniyo. Lembani usiku umodzi wa m'mudzi umene mphekesera yafika, anthu akugona panja, zitini zikulira, achinyamata atseka msewu ndi chipika, ndipo amene akusimba ndi mphunzitsi wachilendo amene njinga yake yaphulika tayala dzuwa litalowa. Mantha a nkhani imeneyo amaposa a mfiti iliyonse. Kapena lembani za munthu amene ananamizira azakhali ake ufiti kuti alande munda, ndiye chaka chilichonse akalima, mizere imatuluka yokhota kuloza kunyumba kwake.

Palinso za mayina. Boma mutha kulitchula, msewu wa M1 mutha kuutchula, phiri la Kasungu ndi nkhalango yosungirako nyama mutha kuzitchula. Koma mudzi ukhale wopeka, mfumu yopeka, chigayo chopeka. Mukalemba kuti mwini chigayo cha pamalo akutiakuti amasunga ndondocha, ndipo pamalopo pali chigayo chimodzi chokha, mwamunena munthuyo ngakhale simunatchule dzina lake. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Malamulo a dziko lino amaletsanso kufalitsa nkhani yabodza yodzetsa mantha pakati pa anthu.

Chomaliza pa funso limeneli: musalembe nkhani yopeka mokhala ngati lipoti la mtolankhani, lokhala ndi tsiku, malo ndi mawu a apolisi. Kumayiko ena olemba amakonda njira imeneyo. Kuno wina adzajambula tsambalo ndi foni, mutu wa magazini n'kuudula, ndipo pofika madzulo lili m'magulu a WhatsApp ndi mawu akuti "zachitika ku Chamama". N'chifukwa chake pansi pa tsamba lililonse, osati loyamba lokha, timalemba kuti nkhaniyi ndi yopeka.

Nanga gule wamkulu? Zilombo zija si zoopsa kale?

Nkhani zotere zimabwera zambiri, kawirikawiri kuchokera kwa anyamata okulira m'tauni amene anathamangitsidwapo ali ana. Timazibweza pafupifupi zonse. Gule si chidole choopsezera ana. Ndi mwambo wa Achewa, wa pamaliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji owerenga anu ambiri ndi eni ake a mwambowo. Wosameta akalemba za kudambwe amalemba zabodza, ndipo wometa sangalembe. Ng'oma zitha kumveka patali m'nkhani yanu, mtsikana atha kupatuka panjira pomva kuti kukubwera chilombo, monga zimakhalira. Kupyola apo, kaonaneni ndi a mfumu kaye, ndipo akakana, mwamva.

Abusa athu akuti zimenezi n'zausatana. Tiwayankhe chiyani?

Musakangane nawo pagulu. Atengereni kope kunyumba, mwaulemu, muwapemphe awerenge nkhani imodzi. Ambiri amaganiza kuti m'katimo muli malangizo a kukhwima, ndipo akapeza kuti ndi nkhani ya munthu wadyera amene zamutembenukira, mtima umatsika. Ena sasintha maganizo, ndipo ndi ufulu wawo. Inu musakagulitsire pa geti ya tchalitchi kapena ya mzikiti.

Mbali ina ali ndi mfundo. Nkhani yofotokoza mwatsatanetsatane zizimba, mitengo yake ndi mawu onena, ifenso sitiifuna. Siopsa, ndipo alipo wina amene angakayesere.

Pali zofunika kuboma?

Zilipo, ndipo si zovuta. Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti chosindikizidwa chilichonse chikhale ndi dzina ndi keyala ya amene wasindikiza ndi amene wafalitsa, komanso kuti kope liperekedwe ku National Archives, kosungira zolembedwa za dziko lino, ku Zomba. Chofalitsidwa chimene chimatuluka mwezi ndi mwezi kapena pafupipafupi kuposa apo chitha kuwerengedwa ngati nyuzipepala, imene iyenera kulembetsedwa komweko. Alembereni musanayambe, akuuzeni mbali imene magazini yanu ikugwera. Kutumiza kope ku Zomba musakuone ngati chilango: patapita zaka, mwina ndi lokhalo limene lidzapezeke.

Ngati mukufuna akaunti ya kubanki m'dzina la magazini, mulembetse dzinalo ku ofesi ya boma yolembetsa mayina a mabizinesi. Kumbukiraninso kuti lamulo la 1968 loyang'anira zofalitsa ndi zosangalatsa lilipobe, ndipo zolaula zingakuikeni m'mavuto msanga kuposa mizukwa.

Olemba mumawalipira? Nanga nkhaniyo imakhala ya ndani?

Timalipira kangachepe, ngakhale kongokwana bandulo ya intaneti, pa Airtel Money kapena Mpamba, pamodzi ndi kope laulere. Timalipira magazini ikangotuluka, osadikira kuti makope athe. Mlembi amene mwamlipira amabweranso ndi nkhani yabwino kuposa yoyamba. Amene mwamuuza kuti "tikukutchukitsa" amapita kwina.

Nkhani imakhalabe ya mlembi. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limamteteza kuyambira pamene wailemba. Chimene inu mukupempha ndi chilolezo choisindikiza koyamba, pa pepala ndi pa foni, ndiponso kuti asaitulutse kwina kwa miyezi ingapo. Lembani zimenezi m'mizere isanu, iye ayankhe kuti wavomera, musunge uthengawo. Wayilesi ikadzafuna kuwerenga nkhaniyo pa mphepo, kaya ya m'dera monga Mudziwathu ya ku Mchinji kaya ina, mwini nkhani afunsidwe kaye. Limbikitsani olemba anu kudziwa za COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ndi bungwe la olemba la Malawi Writers Union.

Nthano zamakolo zili ndi lamulo lakelake: umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Ngati mukufuna kusindikiza nthano monga momwe ilili kuti mugulitse, funsani ku COSOMA.

Chenjeraninso ndi nkhani zakuba. Mnyamata akakutumizirani nkhani ya nyumba ya zipinda zapansi pa nthaka, kunja kukugwa chipale, mayina okha ndiwo a Banda ndi Phiri, dziwani kuti waimasulira kuchokera ku filimu kapena pa intaneti.

Nkhani yabwino mumaizindikira bwanji?

Timaiwerenga mokweza, usiku, mmodzi akuwerenga ena akumvera. Pamene omvera ayamba kugwira mafoni, pamenepo ndiye nkhani yafooka.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa n'zodziwika. Woyamba kulemba amathira magazi tsamba loyamba, mitu ikudulidwa, matumbo panja, poganiza kuti kunyansa ndiko kuopsa. Wina amamaliza ndi "kenako ndinadzidzimuka, anali maloto", ndipo wowerenga amamva kuti wabedwa. Wina amatenga ndime yonse yomaliza kulalikira. Koma chofala kwambiri ndi kuuza wowerenga kuti aope mmalo momuopsa. Nachi chitsanzo. Mlembi walemba kuti:

"Usikuwo unali woopsa kwambiri ndipo Nabanda anachita mantha aakulu zedi atamva mawu oopsa a malemu amuna ake."

Timamfunsa kuti: anamva chiyani kwenikweni, ali pati, akuchita chiyani? Akabwereranso nayo imakhala chonchi:

"Nabanda anali akupukuta mbale yomaliza pamene munthu anatsokomola pakhonde. Kawiri, kenako kamodzi, monga ankachitira bambo a Chikondi akafuna madzi osamba. Anapezeka atatenga kale ndowa."

M'ndime yachiwiriyi mulibe mawu akuti mantha, koma ndowa ija imazizira m'manja mwa wowerenga. Ntchito ya mkonzi n'njotere, ndime ndi ndime, ndipo ndi imene imadya nthawi kuposa kusindikiza. Musasinthe nkhani ya munthu mwakachetechete. Muonetseni zimene mwakonza, avomere.

Chichewa chokha, kapena tisakanize ndi Chingerezi?

Ife tinasankha Chichewa chokha. Olemba Chingerezi ali kale ndi kotumiza nkhani zawo. Komanso munthu amaopa bwino m'chinenero chimene amalotera. Anthu a m'nkhani alankhule monga amalankhulira: wakabaza ngati wakabaza, agogo ngati agogo, ndipo wa ku Nkhamenya akaponyamo Chitumbuka msiyeni. Koma kalembedwe ka mawu kakhale kamodzi m'magazini yonse. Sankhani munthu mmodzi wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, makamaka mphunzitsi wa phunziroli, awerenge komaliza.

A ku Mchinji muli ndi mwayi wina. Kungodutsa pa Mwami mwafika ku Chipata, kumene anthu amawerenga Chinyanja. Olemba a kumeneko asiyeni alembe monga amalembera kwawo, "c" pamene ife timalemba "ch". Owerenga sasochera.

Bwanji osangoitulutsa pa foni, n'kusiya za mapepala?

Chitani zonse ziwiri, koma mosiyanitsa nthawi. PDF, fayilo ya magazini yowerengera pa foni, mukangoitumiza kwa munthu mmodzi, mwaitumiza kwa onse. Palibe njira yoletsera. Ndiye timayamba tagulitsa ya pepala, ndipo ya pa foni timaitulutsa nambala yotsatira ikayandikira, kuti ikhale yoitanira anthu. Ikhale yopepuka, yosadya bandulo, ndipo masamba ake akhale limodzilimodzi, osati ogundizana monga munayalira posindikiza. Pa Facebook ikani ndime zoyamba zokha za nkhani, muidule pamene pafika pokoma, ndipo mawu oti ndi yopeka akhale pa chithunzi penipenipo.

Kwa abale a ku Joni ndi kwina amene akufuna kulipira, alandireni ndi manja awiri. Nthawi zina m'modzi wa iwo amalipira mtengo wa makope asanu.

Chikuto chikhale chotani?

Chosada kwambiri. Aliyense amafuna chikuto chakuda bii, koma mdima pa fotokope umamwa inki, umatuluka wamawangamawanga, ndipo umadetsa manja. Pezani wojambula ndi peni, ngakhale amene amalemba zikwangwani za masaluni, ajambule chinthu chimodzi choonekera patali pa pepala la mtundu wowala. Mpando wopanda munthu pakati pa munda umakoka maso kuposa chigaza chodontha magazi, ndiponso mwini shopu savutika kuchiika poonekera.

Chimapha magazini zotere n'chiyani?

Ngongole. "Ndipatseni kope, ndikupatsani pa malipiro" ndi mawu amene mudzawamve kwa anzanu, kwa achibale, ngakhale kwa anthu olemekezeka amene simungawakumbutse. Wosunga ndalama akhale ndi kabuku, ndipo akhale munthu wotha kunena kuti "pepani achimwene, lamulo si langa". Kwa okugulitsirani m'mashopu ndi m'masaluni siyani makope asanu okha, mulembetsane, ndipo ena muwapatse akabweza ndalama za oyambawo. Makope opita kutali, monga ku Mkanda kapena ku Kapiri, atumizeni pa minibasi kwa munthu amene walipira kale, ndipo mumuuze nambala ya galimoto.

Chachiwiri ndi kusakaniza thumba la magazini ndi la pakhomo. Mwana akadwala mudzabwereka, n'zachidziwikire, koma mulembe.

Chachitatu ndi kutopa. Mmodzi mwa atatu aja adzasamutsidwa ntchito, wina adzakwatira, kompyuta idzafa pamene magetsi abwera mwamphamvu. Sungani mafayilo onse malo awiri, ndipo nambala iliyonse phunzitsani munthu wina watsopano kuyala masamba. Malonda a anthu ena m'magazini amathandiza, tsamba limodzi kapena awiri, a shopu ya mabuku, telala kapena sukulu ya kompyuta. A asing'anga olonjeza chuma ndi kubweza wokondedwa amabwera okha ndi ndalama m'manja. Amenewo timawakana, pa zifukwa zimene tanena kale.

Mwana wanga ali Fomu 1. Awerenge?

Pachikuto timalemba kuti ndi ya azaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo okutigulitsira timawauza zomwezo. Tikudziwa kuti kope likalowa m'nyumba limafika kwa aliyense. Ngati mwalipeza m'chikwama chake, mayi, liwerengeni inu kaye. Mukaona kuti n'zomukulira, lisungeni mpaka adzafikepo. Mukaona kuti angathe, mfunseni kuti nkhani imene yamuopsa kwambiri ndi iti, ndipo ngati akuti iye angalembe yoposa imeneyo, mpatseni kope lolembamo ndi bolopeni. Timalandira nkhani za ana asukulu ngati kholo kapena mphunzitsi wasayinira, ndipo zolembedwa pamanja timazitayipa tokha, bola zilembo zikhale zowerengeka.